Mbava ya Mwendo wa Chikhakha

Mayi woluka tsitsi uja anathyoka mwendo pa chinthu chosamveka n'komwe. Anaponda chipeso chimene kasitomala anagwetsa mu saluni, phazi linatsetsereka pa simenti yonyowa, ndipo pofuna kudzuka mwendo unakana. Kuchipatala anamuika chikhakha kuyambira kuzala mpaka pansi pa bondo, n'kumuuza kuti akakhale pansi kufikira fupa litagwirana. Mlamu wake, mng'ono wa amuna ake amene ankakhala nawo pakhomopo, atangomuona akutsika m'galimoto ndi ndodo ziwiri anamupatsa dzina pomwepo: Achikhakha. Mayiyo anamuopseza ndi ndodo imodzi, koma dzinalo linali litamera kale mizu.

Amuna ake ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo aliyense ankawatchula kuti Aphunzitsi, mkazi wawo yemwe. Anali munthu wabwino mtima, wosamwa, wobwera kunyumba dzuwa likadalipo. Vuto lawo linali limodzi: uphunzitsi sankausiya kuntchito. Mkazi wawo ankamuphunzitsa kayanikidwe ka masokosi. Mng'ono wawo, amene anali mlonda pa sitolo yaikulu, ankamuphunzitsa kaimidwe ka mlonda, chonsecho iwo anali asanalondepo ngakhale khola la nkhuku.

Akaweruka, Aphunzitsi ankasamba, n'kukhala pabalaza kusewera gemu pa kanema mpaka chakudya chipse. Kale mayiyo sankaziona zimenezi chifukwa ankafika mochedwa kuchokera ku saluni. Tsopano, mwendo uli pa kampando, analibe kothawira.

Gemuyo inali ya dziko la mapiri a chipale, nsanja za amatsenga ndi zinjoka zamapiko. Aphunzitsi ankayendetsa chimunthu chachikulu chandevu, chovala malaya achitsulo, chonyamula nkhwangwa yaitali ngati chitseko. Anachitcha Chimphona. Pa nkhondo Chimphona sichinkaopa kanthu. Chinkalowa m'phanga la mizukwa ngati chikulowa m'bafa, n'kutulukamo chitasenza thumba la golide.

Koma m'dziko lomwelo munali zitseko ndi mabokosi okiya, makiyi ake osaoneka. Munthu akafuna kutsegula, loko ankabwera pafupi n'kudzaza kanema yense. M'bowo la kiyi munkalowa zinthu ziwiri: kawaya kopyapyala ndi kachitsulo kopotolera. Pa kontrola, kachipangizo ka mabatani kosewerera gemu, pali timitengo tiwiri. Ka kumanzere kankayendetsa kawaya uku ndi uku kusaka malo oyenera, ka kumanja kankapotola. Kawaya kakakhala pamalo pake, loko ankazungulira n'kutseguka. Kakakhala polakwika kankanjenjemera, ndipo ukakakamiza kankathyoka. Maloko ena anali ofewa, koma ena malo ake anali ochepa ngati diso la singano.

Apa ndi pamene Chimphona chinkasanduka mwana. Pansi pa nsanja ya wamatsenga wina panali bokosi lofiira, ndipo bokosi limeneli linali litawadyera Aphunzitsi timawaya tosawerengeka. Madzulo alionse ankayamba ndi ilo. Ankapotola, kawaya n'kunjenjemera, iwo n'kulimbikira ngati akukankha galimoto yofa batire, basi thyo. Akatero ankafotokoza, popanda wowafunsa, kuti opanga gemu analakwitsa penapake.

Tsiku lina mayiyo anatopa ndi kumva kuthyoka kwa timawaya.

"Mwina mukukakamiza kwambiri," anatero.

"Mayi, izi si zoluka tsitsi," anayankha Aphunzitsi, maso ali pa kanema. "Apa pamafunika mutu wodziwa makina. Inu pumitsani mwendo."

Mlamu anabisa nkhope m'kapu ya tiyi, mapewa akugwedezeka. Mayiyo anangokanda bondo pamwamba pa chikhakha, mawuwo n'kuwasunga.

M'mawa mwake amuna onse awiri atapita kuntchito, nyumba inati zii. Mayiyo anaonera filimu ya chikondi imene anali ataionera kale, anaimbira foni anzake a ku saluni amene anali otanganidwa, anawerenga zolemba za pa paketi ya mankhwala ake. Kenako anaona kontrola ili pa tebulo, pafupi ndi dzanja lake.

Poyamba zinali zamanyazi, mwayi kuti panalibe womuona. Chimphona chinkayenda chitayang'ana kumwamba, chinkagunda makoma, chinalowa m'chitsime cha pamsika n'kukanika kutulukamo. Atachiwongola, anachipititsa pa chitseko cha kanyumba ka wosoka nsapato wa m'tauni ya m'gemumo, loko wofewa ndithu. Kawaya koyamba kanathyoka asanadziwe n'komwe chimene wakhudza. Kachiwiri chimodzimodzi. Mtima unayamba kutentha, zala zinayamba kufulumira, ndipo pofika masana timawaya tonse timene Aphunzitsi anasonkhanitsa m'mapanga ndi m'misika tinali titatha psiti.

Thukuta linamutuluka. Anaganiza zonamizira magetsi, anaganiza zonamizira khoswe. Pomaliza, posowa pogwira, anazimitsa makinawo n'kuyatsanso. Ndipo taonani, Chimphona chinali chitaima pomwe amuna ake anachisiya dzulo, timawaya tonse tili m'thumba. Apo mayiyo anazindikira chinthu chachikulu: gemu imakumbukira zokhazo zimene waiuza kuti isunge. Zina zonse ukazimitsa zimafafanizika. Anaseka yekha pabalazapo mpaka mwendo unapweteka.

Kuyambira tsiku limenelo, chitseko chikangotsekeka m'mawa, iye ankayamba ntchito. Anayambira pa maloko ofewa a m'tauni: kwa wosoka nsapato, kwa wogulitsa makandulo, kuseri kwa nyumba ya alendo. Asilikali a m'gemumo akamupeza, ankangozimitsa. Anaphunzira kuti kachitsulo kopotolera sikafunika kukankha, kamafunika kungokakhudza n'kusiya, ngati munthu woyesa ngati ayironi yatentha. Loko akasuntha pang'ono asanaume, ndiye kuti malo ali pafupi. Akapanda kusuntha n'komwe, ndiye kuti uli kutali, usataye nthawi. Anayamba kuona tizizindikiro pa nkhope ya loko, kamzera kokalika apa, mutu wa msomali apo, n'kumakumbukira kuti kawaya kanathyokera pati kuti asabwererepo. Anachepetsa nyimbo za gemu mpaka zinatheratu, ndipo m'chete umenewo anamva kuti chitsulo chimalira mosiyana chikayandikira malo ake. Kontrolanso inkanjenjemera m'manja, mwamphamvu ukakhala kutali, mofatsa ukayandikira.

Tiyi ankazizira pa tebulo. Anzake a ku saluni akaimba, ankawauza kuti anali mtulo. Madzulo Aphunzitsi akamathyola timawaya tawo, iye ankakhala phee, chala chake chachikulu chikuyenda chokha pa bulangete, mumtima akuti kumanzere, bambo, kumanzere pang'ono. Koma pakamwa sankatsegula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bokosi lofiira linamuvutadi. Malo ake anali ochepa kwambiri moti kupuma kokha kunkasuntha kawaya. Linamudyera m'mawa wathunthu, n'kudyanso wina. Koma tsiku lina, mvula ikuwaza pa malata, anaika kawaya pafupi ndi msomali wa kumtunda, anakhudza, loko anasuntha theka. Anabwezera kawaya kumanzere, pang'ono ngati tsitsi limodzi. Anakhudzanso. Loko anazungulira yense mofewa, ndipo chivundikiro chinatseguka.

M'katimo munali chisoti chagolide cha nyanga ndi lupanga lowala buluu. Mayiyo anaziyang'ana kwa nthawi yaitali. Akanatha kuzimitsa, zonse n'kubwerera mwakale. Akanathanso kudikira amuna ake n'kuwaonetsa mwaulemu. Koma mawu aja a zoluka tsitsi anali akadali pakhosi. Anatenga chisoti ndi lupanga, n'kukazibisa mu mgolo kuseri kwa nyumba ya alendo. M'thumba la Chimphona munali kabichi mmodzi amene Aphunzitsi anatola m'munda wina. Anamuika m'bokosi lofiira, anabwezera Chimphona pamalo pake, n'kusunga gemuyo.

Cholinga chake chinali choti awaone nkhope, aseke, kenako aulule madzulo omwewo. Aphunzitsi anafika, anasamba, anakhala pansi, anapita pa bokosi lawo monga mwa masiku onse. Atangolikhudza, linatseguka lokha. Kukamwa kunangoti yasa. Kenako anakhosomola n'kuwongola msana.

"Ndinadziwa ine," anatero. "Dzulo lija ndinamufooketsa loko ameneyu. Anangotsala kugwa."

Mlamu anafunsa za kabichiyo. Aphunzitsi anafotokoza kuti limenelo ndi phunziro limene opanga gemu anaikamo dala, loti munthu asamathamangire chuma, ndipo anapitiriza kulitambasula phunzirolo mpaka chakudya chinafika pa tebulo. Mayiyo anameza kuulula kwake pamodzi ndi madzi akumwa. Ngati ndi choncho, anaganiza, tiyeni nazoni.

Tsiku lotsatira anatsegula nyumba ya bwanamkubwa wa tauni ya m'gemumo, n'kutsegulanso kabati ya zovala za mkazi wake. Anavula Chimphona malaya achitsulo, n'kukawaponya mu mgolo muja. Anachiveka diresi lachikasu la maluwa ndi chipewa cha nthenga, n'kuchisiya chitaima pakati pa msika, ndevu zili pa kolala ya lesi, nkhwangwa ili kumsana. Madzulo amenewo Aphunzitsi analibe phunziro lililonse. Anayang'ana kanema, anayang'ana mng'ono wawo, anayang'ananso kanema. Mlamu ankaseka mpaka misozi, ndipo kuseka kumeneko n'kumene kunamupachika.

Mawa lake mayiyo anazungulira tauni yonse, khomo ndi khomo, osatenga golide kapena mikanda, koma masipuni okhaokha. Atadzaza thumba anaima dala pamaso pa msilikali. Aphunzitsi anapeza Chimphona chili m'ndende, chikadali m'diresi, mlandu wake masipuni.

Apo ndiye anapsa mtima. Anaitana mng'ono wawo n'kumukhazika pa mpando ngati wolakwa. Anamukumbutsa kuti amamusunga, kuti anamuphunzitsa kukwera njinga, kuti munthu wovala yunifolomu ya ulonda sayenera kuba ngakhale m'gemu. Mlamu analumbira kuti tsiku lonse amakhala ataima pakhomo la sitolo, akafunse bwana wake. Aphunzitsi anati alonda amadziwika ndi kuzemba. Palibe amene anayang'ana kumene kunali mayiyo, amene anali kalikiliki kupinda thaulo limodzi lomwelo, nkhope ili ngati ya munthu wa m'kwaya. Pomaliza Aphunzitsi anaika kontrola m'dirowa ya pansi ya kabati ya pabalaza, anakiya, kiyi n'kuika m'thumba la buluku.

M'mawa mayiyo anadzikoka mpaka pa kabatiyo, n'kukhala pansi mwendo utatambasuka. Anazula mapini awiri m'tsitsi mwake. Anadziuza kuti munthu amene anagonjetsa bokosi la wamatsenga sangalephere kadirowa ka matabwa. Anapinda pini imodzi, analowetsa, anakhudza, anamvetsera. Loko weniweni sananjenjemere, sanalire, sanasunthe, anangokhala duu. Anapinda mapini mpaka tsitsi linamasuka lonse, ndipo imodzi inamubaya pansi pa chikhadabo. Ali pafupi kugonja, anakoka dirowa ya pamwamba kuti atsamirepo podzuka. Inatuluka yonse, n'kusiya chibowo, ndipo pansi pake kontrola inali gone poyera. Anangopisa dzanja.

Sanadziwe kuti tsiku limenelo mlamu anali atasinthana nthawi ya ntchito ndi mnzake. Mlandu wonamiziridwa unamuwawa, ndipo anatsimikiza zogwira mbavayo yekha. Anabwerera chakum'mawa komweko, anavula nsapato panja, n'kulowera khomo la kukhitchini mwakachetechete. Anapeza dirowa ili pansi, mapini ali mbwee, Achikhakha atawerama pa sofa lilime lili kunja, maso ali pa loko wa chipinda cha ndende.

"Alamu," anatero ali kumbuyo kwake.

"Khala chete, uthyoletsa," anayankha mayiyo osatembenuka.

Loko anazungulira, chitseko cha ndende chinatseguka, ndipo m'pamene mayiyo anatembenuka, manyazi akumugwira mochedwa. Mlamu anaima nsapato zili m'manja. Ananena kuti awaimbira achimwene ake pompo, kuti dzina lake layipa chifukwa cha masipuni. Koma foni sanaitulutse. Anapempha kuti aonenso kamodzi. Mayiyo anatsegula chipinda cha mkaidi woyandikana naye, kenako bokosi la mkulu wa ndende, osathyola kawaya ngakhale kamodzi. Mlamu anakhala pansi pang'onopang'ono.

Ndi iye amene anamuuza nkhani imene mayiyo sankaidziwa. Aphunzitsi anali atalengeza kuntchito kwawo kuti anatsegula bokosi lofiira. Mnzawo wina wophunzitsa naye galimoto, amene ankamutcha Hutala chifukwa cha kukula kwa mawu, ankasewera gemu yomweyo kwawo ndipo bokosilo linamukanika. Sanakhulupirire. Anakangana mpaka anagwirizana kuti Loweruka masana Hutala abwere adzaone ndi maso ake Aphunzitsi akutsegula loko wovuta kuposa onse, wa chipinda cha chuma cha mfumukazi.

Mlamu ndi mlamu anayang'anana. Nkhanga zinapangana kusanapse. Anabwezera dirowa bwinobwino, anatola mapini, gemu sanaisunge, ndipo mlamu anapita kukabwereka kontrola ina kwa mnzake wa kuntchito.

Masiku otsalawo Aphunzitsi anavutika. Anatulutsa Chimphona m'ndende pochigoneka mpaka chilango chitatha, anachigulira malaya ena achitsulo, anadutsa nacho m'ngalande za pansi pa nyumba ya mfumukazi mpaka pa chitseko chachikulu chakuda. Apo anayeserera madzulo alionse, ndipo madzulo alionse ankazimitsa osasunga. Ankati mng'ono wawo anaononga timitengo ta kontrola ndi zala zake zaulonda. Chakudya ankachidya pang'ono.

Loweruka dzuwa lili paliwombo, Hutala anamveka asanaoneke. Aphunzitsi anasiya Chimphona chitaima pa chitseko chakuda, n'kutuluka kukamulandira pa geti. M'kanthawi kameneko mlamu anachita zimene ankazidziwa yekha, kuti kontrola ya achimwene ake izingoyaka nyali koma gemu izimvera inayo. Inayo anaipereka kwa mayiyo, amene anafunda bulangete kuyambira m'chiuno mpaka kuchikhakha, manja onse ali m'kati.

Hutala anali munthu wamfupi, wonenepa, wa mpala wonyezimira. Anapereka moni kwa mayiyo, anamupepesa za mwendo, anamufunsa ngati sakumva kutentha ndi bulangete masana otere. Mayiyo anati chikhakha chimakoka mphepo. Mlamu anabweretsa tiyi ndi mabisiketi, n'kukaima pafupi ndi zenera kumene nkhope yake sinkaoneka bwino.

Aphunzitsi anayamba ndi phunziro. Anafotokozera Hutala kuti loko ali ngati klatchi ya galimoto, amafuna phazi lomva. Kenako anagwira kontrola yawo yakufayo n'kuyamba. Mayiyo, atakhala chammbali, ankayang'ana zala zawo n'kumachita zomwezo pansi pa bulangete. Sanafunike kuwonjezera kalikonse. Iwo akakankha, iye ankakankha, kawaya n'kuthyoka monga mwa nthawi zonse. Kamodzi kokha anachita zake: iwo atapita kumanja iye anapita kumanzere, ndipo Aphunzitsi anagwedeza kontrola pafupi ndi khutu ngati wotchi yoima.

Hutala ankawerengera mokweza kawaya kalikonse kothyoka, akumenya bondo. Timawaya tinkachepa. Khosi la Aphunzitsi linanyowa, malaya anamatirira kumsana. Mayiyo atawaona chotero, anawamvera chisoni. Anakumbukira kuti munthu yemweyu ndi amene ankamunyamula kupita naye kubafa masiku oyamba a chikhakha, ndi kumukanda m'kati mwa chikhakha ndi singano yolukira pamene zala sizinkafika. Anasintha maganizo owachititsa manyazi pamaso pa mlendo. Anaganiza kuti pa kawaya komaliza atsegula yekha mwakachetechete, amuna ake apambane pamaso pa mnzawo, zoulula zidzakhale za awiri kuchipinda.

Kawaya komaliza kanalowa m'bowo. Koma Aphunzitsi, m'malo mopotola, anaika kontrola pa tebulo. Anati tiyi akuzizira, ndipo munthu sagwira ntchito yaikulu ndi njala. Anatenga kapu ndi dzanja limodzi, bisiketi ndi linalo, n'kuyamba kufunsa Hutala za matayala a galimoto ya kuntchito.

Mayiyo anayesetsa kudikira. Koma pa timawaya tonse tothyoka tija maso ake anali akugwira ntchito, ndipo anali ataona kale pamene panali malo: pansi pang'ono pa kaduwa kozokotedwa pa chitsulocho. Chala chinkamuyabwa. Anadziuza kuti angosuntha kawaya pang'ono, kakhale pafupi, palibe angaone. Kanasuntha. Anadziuza kuti angokhudza, aone ngati walondola. Loko anasuntha theka.

Hutala anaima kapu ili pakamwa.

"Achimwene," anatero, mawu ake atachepa koyamba m'moyo wake, "gemu yanu ikudzisewera yokha."

Aphunzitsi anayang'ana kanema, anayang'ana kontrola ili pa tebulo, anayang'ana manja awo, kapu uku bisiketi uku. Pa kanema kawaya kanabwerera mmbuyo pang'ono, mwaulemu. Mayiyo anadziwa kuti madzi atayika, ndipo poti anali atanyowa kale, anapotola. Posuntha, kontrola yake inatsamira pa chikhakha, n'kunjenjemera pamenepo. Phokoso lake linali ngati la foni yolira pa tebulo lagalasi, ndipo linachokera pansi pa bulangete. Loko anazungulira yense. Chitseko chakuda chinatseguka.

Mlamu anali atalumira katani kuti asaphulike. Aphunzitsi anaika kapu pansi, anadzuka, anapita pamene panali mkazi wawo, n'kukweza ngodya ya bulangete ndi zala ziwiri. Anaiyang'ana kontrolayo nthawi yaitali.

"Kabichi uja?" anafunsa motsitsa.

"Inu munati ndi phunziro."

"Nanga diresi?"

"Linakukhalani, bambo. Chikasu chimakukondani."

Hutala anaseka mpaka anatsamwa bisiketi, mlamu n'kumamumenya kumsana. Aphunzitsi anali akadaima, bulangete lili m'manja. Chifukwa cha zimenezi palibe amene ankayang'ana kanema. M'chipinda cha chumamo munkagona chigalu chachitsulo cha maso amoto, cholondera golide wa mfumukazi. Chinatuluka, chinapeza Chimphona chitangoima manja ali lende, n'kuchigwetsa pansi. Mayiyo anadina mabatani onse nthawi imodzi, pakuti za nkhondo sankazidziwa, ndipo Chimphona chinadumpha, chinadya kabichi wina, n'kufa. Gemu inabwerera pamene inasungidwa komaliza. Chitseko chakuda chinali chokiya ngati kale.

Amuna atatu aja anatembenukira kwa iye.

Mayiyo anaika kontrola pamiyendo n'kupinda manja. Anati zala zatopa. Anati pamene wakhalapo kuwala kwa pazenera kukumuthobwa m'maso, ndipo malo abwino ndi pakati pa sofa, pamene pamakhala Aphunzitsi. Anati pilo wa pansi pa mwendo waphwa, tiyi wake wazizira, komanso pali munthu m'nyumba muno amene anatchedwa mbava popanda mlandu ndipo sanapepesedwe.

Hutala anathamangira pilo. Aphunzitsi anayang'ana mng'ono wawo, anakhosomola, n'kunena kuti munthu aliyense amalakwitsa, ngakhale mphunzitsi. Mlamu anati sanamve bwino, abwereze. Anabwereza. Kenako anatenga kapu ya mkazi wawo n'kulowa nayo kukhitchini. Mayiyo anatchera khutu, poopa kuti mwina wapitirira malire. Kunamveka madzi akuthiridwa m'ketulo. Kenako kunamveka kaphokoso ngati munthu akutsamwa, kenako kuseka kwenikweni, kwa munthu amene wagwira sinki kuti asagwe. Anatuluka maso ali ofiira, akupukuta misozi ndi kansalu kopukutira mbale, n'kufunsa kumene kunapita malaya achitsulo a Chimphona. Atauzidwa za mgolo, anabwereranso kukhitchini kukaseka.

Masana amenewo chitseko chakuda chinatsegulidwa kachiwiri. Mayiyo atangomaliza anaponyera kontrola amuna ake, iwo n'kuthana nacho chigalu chija, Hutala akukuwa malangizo amene palibe anawatsatira. Pochoka, Hutala anapempha mwaulemu ngati angabweretse makina ake sabata yamawa, pakuti kwawonso kunali bokosi lofiira. Mayiyo anati aona mmene mwendo udzakhalire.

Chikhakha chinachotsedwa mwezi wotsatira, ndipo mayiyo anabwerera ku saluni akutsimphina pang'ono. Aphunzitsi anayesa kuphunzira maloko, koma chala chawo chinakana kufewa, ndipo patapita nthawi anasiya. Akafika pa chitseko chokiya ankaimitsa gemu n'kuitana, ndipo mayiyo ankabwera kuchokera kuchipinda kapena kukhitchini, n'kutsegula ataimirira, n'kubwerera ku zimene amachita. Kawirikawiri sizinkamutengera nthawi. Koma masiku amene Aphunzitsi asiya mbale zosatsuka mu sinki, kapena aiwala kukamutenga ku saluni mvula ikugwa, maloko ankavuta modabwitsa. Timawaya tinkathyoka kamodzi ndi kamodzi, mayiyo akupukusa mutu mwachisoni, mpaka Aphunzitsi ankadzuka okha kupita kukatsegula mpopi wa pa sinki.